Mbale ya Kaphulusa ikadali pakhonde

Funso: Adokotala, ndine mayi wamasiye wa zaka 58, ndimakhala ku Zomba. Galu wanga Kaphulusa anafa miyezi iwiri yapitayo ali ndi zaka 13. Anabwera naye ndi malemu amuna anga ali kamwana, atamuika m'katoni panjinga. Bambowo anatisiya zaka 4 zapitazo. Chaka chino galuyu anayamba kumwa madzi kwambiri, kuonda ndi kusanza. A vetenale anati impso zatha, anamuika dripu masiku atatu koma sizinathandize, ndipo ndinavomera kuti am'baye jakisoni woti agone. Ndinali pompo nditamugwira mutu. Maso ake sanatseke, ndipo anapuma mwamphamvu kamodzi ngati akundidandaulira. Tinamukwirira kuseri kwa nyumba. Kuyambira tsiku limenelo ndilibe mtendere, ndimaona ngati ndinamupha ndine. Usiku ndimamva ngati akukanda chitseko. Mbale yake ndi unyolo zikadali pakhonde ndipo sindilola wina azikhudze. Anzanga a kutchalitchi anandiseka kuti, "Mpaka kulira galu?" Mwana wanga akuti andigulira wina. Kodi mutu wanga ukuyenda bwino? Nditani kuti ndimuiwale?

Yankho: Mayi, pepani. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikuona ngati pa miyezi iwiri yonseyi palibe amene wabwera kudzakuuzani. Pepani kwambiri ndi imfa ya Kaphulusa. Mutu wanu ukuyenda bwinobwino. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ya ziweto ndaona abambo a imvi atakhala pabenchi panja pa chipinda chopimira, akupukuta misozi ndi chipewa, maso ali uku ndi uku kuopa kuti wina awaona. Olira agalu alipo ambiri m'dziko muno, kungoti amalirira m'chigulu.

Ndiyambe ndi zaka 13 zija, chifukwa mwina simukudziwa kukula kwake. Agalu ambiri m'makomo mwathu muno safika kutali chotero. Ena amafa ali ana ndi matenda otsegula m'mimba mwa magazi aja timati parvo, ena amauma magazi ndi matenda a nkhupakupa, ena amagundidwa pamsewu, ena akuba amawaponyera nyama yothira tameki. Galu wa zaka 13 ndi nkhalamba yeniyeni, ndipo safika pamenepo mwangozi. Pali munthu amene ankamuphikira gaga ndi bonya, kumusungira mkute, kumuzula nkhupakupa m'makutu, kumukoka ndi chingwe kupita ku katemera wa chiwewe. Munthu ameneyo ndinu. Mugwire zimenezi, chifukwa tikulowa mu mlandu umene mukudziimba.

Ndi mlandu ndithu. Wodandaula ndinu, mboni ndinu, woweruza ndinu, ndipo woimbidwa mlanduyo simukumupatsa mpata wotsegula pakamwa. Ndiloleni ndimuyankhire ndi zimene ndikudziwa za impso.

Ntchito ya impso ndi kusefa magazi, kutulutsa zoipa kudzera mu mkodzo ndi kusunga madzi amene thupi likufuna. Mu impso iliyonse ya galu muli tizosefera tating'onoting'ono zikwi mazana angapo. Galu akamakalamba tizosefera timeneti timafa pang'onopang'ono, ndipo tikafa sitimeranso. Totsalato timasenza ntchito ya tinzake, ndipo timaisenza bwino moti galuyo amadya, amauwa, amathamangitsa nkhuku ngati palibe chikuchitika. Chizindikiro choyamba, kumwa madzi kwambiri ndi kukodza pafupipafupi, chimaoneka magawo awiri mwa atatu a impso atawonongeka kale. Kuti zoipa ziunjikane m'magazi mpaka tizione ndi kupima kwathu kwa masiku onse, pamakhala patawonongeka pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Ndiye kuti tsiku limene munadabwa kuti beseni la madzi likutha msanga, matendawo anali atayenda kale miyezi yambiri mwakachetechete. Ngakhale ine, ndikanakhala pakhomo panupo, sindikanawaona ndi maso.

Dripu ija siichiritsa impso. Imangothandiza kutsuka magazi kwa kanthawi, ndipo imatiuzanso zoona za galuyo. Amene impso zake zikadali ndi kamphamvu amadzutsa mutu pakatha tsiku limodzi kapena awiri, n'kuyamba kununkhiza chakudya. Amene wakhala masiku atatu pa dripu osasintha watipatsa yankho. Mukanabwerera naye kunyumba, masiku otsatirawo akanakhala owawa kuwaona. Zoipa zikadzaza m'magazi zimabweretsa nseru yosatha, zilonda m'kamwa ndi m'mimba, mpweya wa m'kamwa umanunkha ngati mkodzo. Galu amakhala ndi ludzu koma akamwa amasanza. Ena kumapeto amayamba kugwa ngati a khunyu. Ndaona eni agalu amene anakana jakisoni n'kunyamula galu wawo kubwerera naye kwawo. Sindiwaweruza, mtima ndi umene unawaletsa, koma angapo anabweranso kudzandiuza kuti akanadziwa sakanatero. Chimene chinapha Kaphulusa ndi impso. Inu munapatsidwa imfa ziwiri kuti musankhepo, ya mphindi zochepa mutu wake uli m'manja mwanu, ndi ya masiku angapo akubuula kuseri kwa nyumba. Njira ya moyo panalibe patebulopo.

Tsopano za maso aja ndi mpweya uja, chifukwa ndikudziwa kuti ndi zimene zimakubwererani mukagona. Mankhwala amene timabaya ndi ogonetsa, a mtundu wa amene amagonetsera odwala pa opaleshoni, koma timapereka ochuluka kwambiri. Dzina lake ndi pentobarbital. Akalowa mu mtsempha amayamba ndi ubongo. M'masekondi ochepa galu amakhala atagona tulo tosamva kalikonse, kenako kupuma kumaima, kenako mtima. Maso a nyama satseka ikafa, chifukwa kutseka chikope kumafuna mnofu wogwira ntchito. Kupuma kwamphamvu kuja ndi minofu ya pachifuwa imene imakoka komaliza ubongo utazima kale. Ena amanjenjemera mwendo, ena amakodza. Ife a ntchitoyi tiyenera kufotokozera mwini galu zimenezi tisanabaye, ndipo nthawi zina timaiwala chifukwa tinazizolowera. Pamene Kaphulusa anapuma muja sankamvanso chilichonse. Chomaliza chimene anamva ndi manja anu ndi fungo lanu, ndipo kwa galu fungo la mwini wake ndi kwawo.

Kwa ena amene akuwerenga, ndinenepo kuti nyama yobayidwa mankhwala amenewa muziikwirira dzenje lakuya, lopitirira mita imodzi, kutali ndi chitsime, chifukwa mankhwalawo amatsalira m'thupi ndipo galu wina kapena fisi akafukula n'kudya akhoza kufa.

Nanga n'chifukwa chiyani zikuwawa chonchi? Mbali ina ndi thupi lenilenilo. Mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Azabu ku Japan anapeza kuti galu ndi mwini wake akayang'anana m'maso nthawi yaitali, m'matupi mwa onse awiri mumachuluka oxytocin, homoni yomwe ija imene imamanga mayi ndi khanda lake. Zaka 13 mwakhala mukuyang'anana naye m'mawa uliwonse potsegula chitseko. Koma mbali yaikulu mwailemba nokha m'kalata yanu, mwina osaiona kulemera kwake. Galuyu anabwera m'katoni panjinga ya bambo. Ankadziwa kulira kwa njinga imeneyo ikadali patali, ankadziwa mapazi awo ndi mawu awo. Pa maliro a bambo nyumba inadzaza, anthu anagona pasiwa, anaimba usiku wonse. Atasesa, aliyense ananyamula chitenje chake n'kubwerera kwawo, ana anabwerera ku ntchito zawo. Amene anatsala nanu pakhonde madzulo aja ndi Kaphulusa. Zaka 4 zonsezi pakhomo panu panali chamoyo china chimene chinkawadziwa bambo. Ndiye musadabwe kuti misozi yachuluka kuposa mmene mukuganizira kuti galu ayenera kuliridwira. Ina mwa misozi imeneyi ndi ya amuna anu, ndipo ili ndi ufulu wotuluka.

Anzanu amene anakusekani sindikuwatenga ngati anthu oipa. Tinakula m'chilankhulo chimene galu ndi mawu otukwanira. Timati "galu iwe", timati munthu "wafa ngati galu". Ambiri galu amamudziwa ngati mlonda wodya zotsala kapena wothandiza ku uzimba, sanakhalepo naye ngati mnzawo wapakhonde. Komabe kuseka kwawo kunakulandani chinthu chachikulu. Akuluakulu anati maliro n'kulirana. Munthu akamwalira, chisoni chimakhala ndi njira yoyendamo. Uthenga umapita kwa amfumu, adzukulu amakumba manda, chipepeso chimasonkhedwa, pali kusesa, pali kumeta, patsogolo pake pali chiliza. Zonsezi zimagwira namfedwa padzanja n'kuyenda naye pang'onopang'ono. Galu akafa, mnyamata amakumba dzenje ndi khasu, ola limodzi zatha, mawa lake muli pamsika ngati palibe chachitika. Mu 1989 katswiri wina wa ku America, Kenneth Doka, anachipatsa dzina chisoni chotere, chisoni chimene anthu sachivomereza. M'gulu limeneli muli mayi amene wapita padera, munthu amene wamva za imfa ya amene anasudzulana naye kale, ndi munthu amene chiweto chake chafa. Chisoni choterechi chimachedwa kupola chifukwa mwini wake amachimeza.

Poti ndinu munthu wopemphera, kumbukirani nkhani imene mneneri Natani anauza Mfumu Davide pa 2 Samueli 12. Munthu wosauka anali ndi kamwana kankhosa kamodzi kokha. Kankadya chakudya chake, kankamwera m'chikho chake, kankagona pachifuwa pake, kanali ngati mwana wake wamkazi. Davide atamva kuti wolemera wina wakalanda n'kukapha, sanaseke kuti mpaka kudandaula nkhosa. Anapsa mtima kwambiri. Natani anasankha nkhani imeneyi chifukwa ankadziwa kuti munthu amene anawetapo ziweto aimva msanga. Simukufunika kuti mpingo wonse ukumvetseni. Pezani munthu mmodzi, kaya ndi mdzukulu amene ankasewera naye, kaya ndi mnansi amene ankamuponyera mafupa, amene mungatchule naye dzina la Kaphulusa osachita manyazi.

Za kukanda kwa chitseko usiku musaope. Mu 1971 dokotala wina wa ku Wales, W. Dewi Rees, anacheza ndi amasiye 293, amuna ndi akazi, ndipo pafupifupi theka la iwo anati amamva kuti malemuwo ali pafupi, ena ankawaona kapena kumva mawu awo. Ambiri ankatonthozedwa nazo, ndipo ambiri anali asanauzepo munthu. Eni agalu amandiuza zofanana. Wina amamva zikhadabo pasimenti, wina amalambalala malo amene galu ankagona ngakhale palibe kanthu. Khutu lanu laphunzira kwa zaka 13 kudikira phokoso limenelo, ndiye mphepo ikagwedeza chitseko kapena khoswe akadutsa, ubongo umamalizitsa wokha. Si misala, ndipo palibe amene wakuchitani chipongwe. Zimachepa zokha.

Mwandifunsa kuti mutani kuti mumuiwale. Pamenepa ndikukanirani, Mayi. Simudzamuiwala, ndipo sindikuona chifukwa choti muyesere. Kwa nthawi yaitali akatswiri a kwa azungu ankaphunzitsa kuti namfedwa achire ayenera kudula chingwe chonse ndi womwalirayo. Mu 1996 katswiri wina, Dennis Klass, ndi anzake anaonetsa kuti anthu ambiri amene amapola bwino chingwecho sachidula, amangochimanga mwa mtundu wina. Makolo athu ankazidziwa kale zimenezi. N'chifukwa chake mwana amapatsidwa dzina la agogo ake, n'chifukwa chake timakalambula kumanda. Bambo simunawaiwale, koma lero mumatha kutchula dzina lawo n'kuseka nthabwala zimene ankanena. Kaphulusa nayenso akupita kumalo omwewo mumtima mwanu.

Chimene muyenera kuchimasula ndi mlandu uja. Ndipo ndikuuzeni chimene ndaona mwa anthu ambiri, ndi mwa ine ndemwe. Kudziimba mlandu kumawawa, koma kuli ndi kakomedwe kake kobisika. Mlandu ukakhala wosatha, nkhani ya galuyo imakhalanso yosatha. Usiku uliwonse mumabwerera m'chipinda chija, mumayesa njira ina, mumati ndikanapita naye msanga, ndikanapempha tsiku lachinayi la dripu. Mukamatero mumakhala ngati mukadali naye, ngati pali chimene mungachite. Kuvomera kuti simunalakwe n'kovuta kuposa kudziimba mlandu, chifukwa kukutanthauza kuvomera kuti panalibe chimene manja anu akanachita, kuti mungathe kukonda chamoyo ndi mtima wonse, kuchisamala bwino, n'kuchiona chikupita. Munaziona kale ndi bambo. N'chifukwa chake dzanja likukana kufumbatula.

Ine galu wanga anafa ndi matenda a nkhupakupa, matenda amene ndimachiza agalu a anthu ena sabata iliyonse. Nthawi imeneyo ntchito inandichulukira, ndinkachoka mbandakucha n'kubwera usiku. Nditamutsegula pakamwa tsiku lachitatu, nkhama zake zinali zitayera ngati pepala. Mlandu wanga unali ndi umboni woposa wanu, chifukwa ine ndikanatha kuona. Ndinayenda nawo miyezi yambiri. Tsiku lina mwana wanga wamng'ono anayamba kusimba mmene galuyo anabera nsomba pambaula n'kukaibisa pansi pa bedi lake, ndipo tonse tinaseka mpaka misozi. Usiku umenewo ndinazindikira kuti kwa miyezi yonseyo ndinkakumbukira masiku atatu okha a galu amene anakhala nafe zaka 8. Mlanduwo unali utandilanda galu wanga kachiwiri. Inunso masiku atatu a dripu aphimba zaka 13. Kamwana ka m'katoni kaja, galu amene ankakuperekezani kuchigayo kapena kudimba, amene anauwa usiku wina mpaka akuba anathawa, onsewo akudikira kuti muwakumbukire. Lamba wa m'khosi wa galu wanga uja ndikadali naye m'dirowa mpaka lero, ndipo sandiwawanso ndikamuona.

Ndiye mbale ndi unyolo zisakuvutitseni maganizo. Miyezi iwiri si nthawi yaitali, ndipo palibe lamulo la tsiku lozichotsera. Chimene sindingakonde ndi choti munthu wina azichotse inu mutachokapo poganiza kuti akukuthandizani. Muuzeni mwana wanu zimenezi momveka. Zidzachoke ndi manja anu.

Poti mudzi sunakukonzereni mwambo, konzani wanu waung'ono. Sankhani tsiku, itanani munthu mmodzi kapena awiri aja. Dzalani mtengo pafupi ndi pamene munamukwirira, wa mango kapena wa mapeyala, umene udzakhalitse. Aliyense asimbe chimene akukumbukira, ndipo inu musimbe za tsiku la katoni, bambo anavala chiyani, munawayankha chiyani atatsitsa kagaluko. Ngati mukufuna kupemphera, thokozani Mulungu chifukwa cha zaka 13 za mlonda ndi mnzanu, palibe cholakwika pamenepo. Ngati pali mawu amene munalephera kumuuza m'chipinda chija, anenereni pomwepo mokweza. Anthu amachita manyazi ndi zimenezi, koma amene anayesapo amandiuza kuti usiku umenewo anagona tulo.

Za galu wina, mwana wanu ali ndi mtima wabwino, ndipo mwina akuderanso nkhawa kuti mukugona nokha pakhomo popanda wouwa. Nkhawa imeneyo ndi yoona, ikonzeni payokha, kaya ndi maloko, kaya ndi wachibale wogona nanu kwa kanthawi. Koma kagalu kobwera lero kadzalowa mu mpikisano umene sikangapambane. Kadzatafuna nsapato, kadzalira usiku, ndipo mudzakapsera mtima chifukwa si Kaphulusa. Mudzadziwa kuti nthawi yakwana tsiku limene mudzaone kagalu n'kukakonda chifukwa cha mmene kalili, osafunafuna nkhope ya wakale. Kasankheni nokha, ndipo mukapatse dzina lakelake. Matenda a impso a ukalamba sapatsirana, ndiye pakhomo panu palibe choopsa kwa galu watsopano. Katemera wa parvo amayamba kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8 ndipo amabwerezedwa, wa chiwewe ndi pa miyezi itatu. Mabungwe osamalira nyama a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amakhalanso ndi agalu ofuna pakhomo, ena akuluakulu kale, odekha, amene angayenerane ndi munthu wa msinkhu wanu kuposa kagalu kothamanga tsiku lonse.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni ngati wachipatala. Chisoni chimafika mpaka pa mtima weniweniwo. Mu 2017 madokotala a ku Texas analemba za mayi wa zaka 61 amene anafika kuchipatala ndi ululu wa pachifuwa ngati wa matenda a mtima, mitsempha ya mtima wake ili yabwinobwino, galu wake atangofa kumene. Sizichitika kawirikawiri, koma mukamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati mumamwa mankhwala a BP kapena a shuga musadumphitse. Ndipo ngati masabata akupita inu osadya, osagona, osafuna kuona munthu, kapena mwayamba kuganiza kuti bola kutsatira bambo, musakhale nazo nokha. Uzani mwana wanu ndipo kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi. Mukafika musanene za galu yekha, munenenso za bambo.

Nthawi yovuta kwambiri pa tsiku ndikuidziwa, ndi madzulo aja mukamaliza kupakula, dzanja likapita lokha kukapala makoko a mumphika. Eni agalu onse amatchula ola limenelo. Mukadzala mtengo uja, pa ola lomwelo tengani mbale ya Kaphulusa, tungani madzi, pitani nayo kuseri kwa nyumba mukathirire. Mukabwerako iikeninso pakhonde pamene imakhala. Mundilembere mtengowo ukaphuka masamba oyamba, ndimve mmene mukugonera.